Nkhope ya mwana imaumbika akadali kukula



Mwana akabadwa timakonda kunena kuti watengera mphuno ya bambo ake kapena chibwano cha agogo ake. N'zoona, zambiri pa nkhope ndi zotengera, ndipo Allah analenga aliyense ndi maonekedwe ake. Koma mafupa a nkhope sakhala atamaliza kupangika pobadwa. Amakula mpaka zaka pafupifupi 18, ndipo m'zaka zimenezi kapumidwe, katafunidwe ndi kasamalidwe ka mano zimathandiza kapena kusokoneza kakulidweko. Nkhaniyi si ya kukongola chabe. Nsagwada zikakula bwino mwana amatafuna bwino, amagona bwino, ndiponso amatchula bwino mawu, kaya m'kalasi kaya ku madrasa.

Kupumira m'mphuno

Mwana akamapumira m'mphuno milomo imakhala yotseka, ndipo lilime limakhala m'mwamba, litakhudza denga la m'kamwa. Lilime likakhala pamenepo limachirikiza nsagwada ya m'mwamba kuti itambasuke, mano n'kupeza malo okwanira. Mwana wopumira pakamwa usana ndi usiku amatsitsa lilime. Zikapitirira zaka zambiri, nsagwada ya m'mwamba imatha kupanikizika, mano n'kuthinana, nkhope n'kutalika.

Kawirikawiri mwana wotere sachitira dala. Mphuno imakhala yatsekeka chifukwa cha chimfine chosatherapo, fumbi, utsi wa nkhuni, kapena minofu ya kuseri kwa mphuno ndi kukhosi yomwe yatupa. Zizindikiro zake timaziona kunyumba: amagona kukamwa kuli yasa, amaliza mkonono pafupifupi usiku uliwonse, amadzuka kukamwa kuli gwa, ndipo masana amasinza. Ife aphunzitsi timakumana ndi ana otere, ndipo n'kosavuta kuwatchula alesi. Tisanawakalipire, tiyeni tiwatengere kuchipatala akaonedwe mphuno ndi kukhosi.

Kuyamwa ndi kutafuna

Ntchito yoyamba ya nsagwada ndi kuyamwa. Khanda likamayamwa bere limagwiritsa ntchito lilime ndi minofu ya masaya kwambiri kuposa likamamwa m'botolo. A zaumoyo amalangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, kenako kupitiriza pamodzi ndi zakudya zina mpaka zaka 2 kapena kupyola. Qur'an nayo, mu Surah Al-Baqarah ndime 233, imatchula zaka ziwiri zathunthu za kuyamwitsa.

Mwana akakula, fupa la nsagwada limalimba chifukwa cha kutafuna. Nsima, phala ndi mandasi sizifuna mphamvu. Tiziwapatsanso ana okulirapo chimanga chootcha, mtedza, magwafa, mango ndi ndiwo zamasamba zosapsetsa kwambiri. Mtedza wathunthu tisapatse mwana wosakwana zaka 5, angatsamwe nawo. Usipa, bonya ndi matemba zomwe timadya ndi minga yomwe, pamodzi ndi mkaka, zimapereka mchere womanga mafupa ndi mano.

Kuyamwa chala n'kwachibadwa kwa makanda, ndipo ambiri amasiya okha. Koma mwana akapitiriza atapyola zaka 4, chala chimakankhira mano akutsogolo kunja, moti ena satha kuwakumanitsa akatseka pakamwa. Kumumenya kapena kumupaka tsabola sikuthandiza. Tizimukumbutsa mofatsa ndi kumuyamikira tsiku lomwe wapirira.

Mano oyamba si otayika

Timamva makolo ena akuti, “Asiyeni, agulukabe amenewo.” Mano oyamba alipo 20. Amayamba kumera pa miyezi pafupifupi 6 ndipo amakwanira mwana akamafika zaka 3. Lililonse limasungira malo dzino lokhalitsa lomwe likukula pansi pake. Likawola n'kuzulidwa msanga, oyandikana nalo amasendera pampatapo, ndipo dzino latsopano limamera mopingasa chifukwa chosowa malo.

Pali dzino lina lomwe ambiri timalilakwira. Pa zaka pafupifupi 6, kumbuyo kwenikweni kwa mano oyamba kumamera mano anayi otafunira, popanda lina kuguluka. Amenewa ndi okhalitsa, ndipo akawola palibe ena odzalowa m'malo mwake.

Chitetezo chake tili nacho kale m'chipembedzo chathu. Mtumiki Muhammad (SAW) ankalimbikitsa kwambiri miswak, ndipo pa wudhu uliwonse timachukucha m'kamwa ndi kutsuka m'mphuno. Tionjezerepo kutsuka mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, makamaka tisanagone. M'mwezi wa Ramadhan ndi pa Eid, pomwe tende, maswiti ndi zakumwa zotsekemera zimachuluka, mwana asagone asanatsuke.

Kwa inu ophunzira

Pa msinkhu wanu nsagwada ya m'munsi imakula mofulumira. Atsikana amayamba msanga, anyamata amatsatira. N'chifukwa chake nkhope yanu ya Fomu 4 idzasiyana ndi ya Fomu 1. Pa TikTok pali ena omwe amalonjeza chibwano chooneka bwino mukamakanikiza lilime m'mwamba kapena kutafuna mphira wolimba. Palibe umboni wodalirika woti zimenezi zimasintha fupa, ndipo kutafuna mopitiriza muyezo kumatha kupweteka polumikizira nsagwada, pafupi ndi khutu. Ngati mano anu athinana kapena sakumana bwino, pitani kwa a zamano. Mano opingasa amatheka kuwongoledwa ndi mawaya, ndipo zaka zanuzi ndi nthawi yabwino yochitira zimenezo.

Ku mpira, dzino lokhalitsa likazuka lonse musalitaye. Ligwireni kumutu, osati kumuzu, liikeni mu mkaka, ndipo thamangirani kuchipatala ola limodzi lisanathe, chifukwa nthawi zina limatheka kubwezeredwa.

Musamasekenso mnzanu chifukwa cha mano otuluka kapena kukamwa kosatseka. Mwina akuvutika kupuma, ndipo akufunika thandizo.

Zomwe tikupempha

Makolo, sabata ino tayang'anani ana anu ali m'tulo, makamaka aang'ono omwe ali kunyumba: milomo yatseka kapena ayi? Ayasamitseninso muone mano akumbuyo. Mukaona bowo, kutupa kwa nkhama, kapena chilonda cha m'kamwa chosapola, musadikire kuti afike polira. M'zipatala za maboma muli ogwira ntchito za mano. A komiti ya mzikiti tikuwapempha kuti uthengawu ufike kwa aphunzitsi a madrasa ndi m'magulu a amayi, poti iwo amaona ana aang'ono tsiku ndi tsiku, ife tisanawalandire ku sekondale. Akuluakulu anati kuwongola mtengo mpoyamba.

Allah atipatse ana athanzi, ndipo atithandize kusunga bwino amana yomwe anatipatsa. Ameen.