MVULA, MAENJE NDI NJINGA ZAMOTO M'TAUNI YA KAFUE

Tauni ya Kafue ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka, m'mphepete mwa mtsinje wa Kafue. Mseu waukulu wa T2 umadutsa m'tauniyi, ndipo usana ndi usiku mumapita malole ndi mabasi a ku Chirundu, Livingstone ndi Kazungula. Koma munthu akapatuka pa tala kulowa m'makomboni monga Zambia Compound, Shikoswe ndi Nangongwe, kapena kulunjika kumidzi ya ku Mungu ndi kwa asodzi ku Chanyanya, njira zambiri zimene apeza n'zadothi. M'njira zotere njinga yamoto, imene ambiri amangoti honda, ndiyo imathandiza. Imanyamula alangizi a zaulimi, anchito a zaumoyo, ogulitsa nsomba ndi tomato, ndiponso acinyamata amene amapezerapo ndalama ya ufa.

Akulu anati walira mvula walira matope. Mvula imene alimi amaiyembekezera ndi yomweyo imene imaononga miseu ndi kusintha kayendetsedwe ka njinga. Zizolowezi zina zimene oyendetsa amatengera pa nyengo yoipa zimawateteza, koma zina zimawafikitsa ku cipatala. Banja lililonse limene lili ndi woyendetsa kapena wokwera lifunika kudziwa kusiyana kwake.

ZIMENE MVULA IMACITA PA MSEU

Mvula kuno imayamba mu Novembala ndi kutha ca mu Malici kapena Epulo. Mvula yoyamba ndiyo yoopsa kwambiri pa tala. M'miyezi yonse ya cilimwe fumbi, dizilo ndi oilo wodontha m'malole zimaunjikana pa mseu. Madzi akagwerapo zimasakanizika n'kukhala zoterera ngati sopo, kufikira mvula yamphamvu itazikokolola.

Galimoto ili ndi matayala anai, ndipo limodzi likaterera atatu enawo amaigwira. Njinga yamoto ili ndi awiri cabe, ndipo mbali ya tayala imene imakhudza pansi siposa cikhatho ca dzanja. Tayala lakutsogolo likaterera, woyendetsa amagwa asanadziwe n'komwe. Malo oterera kopambana ndi mizere ya penti, mahampu, zitsulo zovundikira ngalande ndi njanji ya sitima. Njanji ifunika kuidutsa molunjika, osati mopendeka, ndipo osagwira buleki tayala lili pa citsulo.

Kumadambo a Kafue kuli dothi lakuda la makande. Likauma limalimba ndi kung'ambika, koma likanyowa limamata. Limadzaza m'mizere ya tayala kufikira tayalalo likhala losalala, ndipo nthawi zina limatsekera pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kuleka kuzungulira.

Maenje nawo amakula m'dzinja. Madzi amalowa m'ming'alu ya tala ndi kufewetsa dothi la pansi, ndipo lole yolemera ikapondapo tala imaphwanyika. Dzenje likadzala madzi silioneka kuya kwake. Limene dzulo linali lofika m'kakolo, lero lingakhale lofika m'bondo.

ZIZOLOWEZI ZIMENE NYENGO IMABWERETSA

Coyamba ndi kukhotakhota. Pozemba maenje woyendetsa amacoka kumanzere kumene ayenera kuyenda n'kulowa mbali ya magalimoto obwera. Maso ake amakhala pansi, pa dzenje, osati kutsogolo. M'komboni zimenezi zimacititsa kugunda ana ndi anthu oyenda pansi, amene nawonso akuzemba matope omwewo. Pa mseu waukulu mapeto ake ndi kuombana ndi galimoto.

Caciwiri ndi kuthamangitsana ndi mvula. Mitambo ikada, woyendetsa amaonjezera liwiro kuti akafike isanagwe. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Ndiye kuti pa kanthawi kamene munthu aona dzenje ndi kuganiza zogwira buleki, wapita kale mtunda woposa utali wa basi yaikulu. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira utagwira buleki umawirikiza kanai, ndipo pa mseu wonyowa umatalikiranso.

Cacitatu ndi kuvula cisoti. Galasi la cisoti limacita nthunzi kukazizira kapena kukagwa mvula, ndipo lokalika silionetsa bwino usiku. Ena amalikweza, ena amavula cisoti conse n'kucikoloweka pa handulo. Kukatentha mu Okutobala amati cimawotca. Ambiri amacivala popita ku mseu waukulu kumene kuli apolisi, koma m'komboni amayenda mutu uli pamtunda, ngakhale kuti m'komboni ndi mmene muli maenje ambiri.

Cacinai ndi kucurukitsa katundu. Njira ikaipa, ulendo umodzi umadya nthawi ndi petulo wambiri, motero woyendetsa amafuna kunyamula zonse pa kamodzi: anthu awiri, thumba la makala, mwana pakati. Kulemera kukapita kumbuyo, tayala lakutsogolo limapepuka ndipo silimvera handulo. Mabuleki nawonso amacedwa kugwira.

Cacisanu ndi kukwawitsa mapazi pansi podutsa m'matope, nthawi zambiri atavala patapata. Phazi likakodwa pa mwala kapena pa citsa, kakolo amathyoka kapena zala zimasupuka. Enanso amayendetsa ndi dzanja limodzi, lina litagwira ambulera kapena pulasitiki yofunda.

Palinso amene amamwa kacasu kapena mowa wina m'mawa kuti acotse mphepo. Mowa umapatsa munthu kumva kutentha pakhungu pamene thupi likutaya kutentha kwake, ndipo umacedwetsa maso ndi manja. Kuyendetsa utamwa ndi mlandu.

CISANU NDI CILIMWE

Mvula ikatha mavuto satha. Mu Juni ndi Julayi kumazizira, ndipo m'mamawa kufupi ndi mtsinje ndi m'madambo mumagwa nkhungu. Njinga yopanda nyale siioneka kwa woyendetsa lole kufikira ili pafupi. Zala zozizidwa zimauma, sizigwira buleki msanga. Magolovesi ndi jekete yocinga mphepo si zodzikongoletsera.

Kuyambira Ogasiti kufika Okutobala kuli mphepo, fumbi ndi utsi wa moto wa m'thengo. Miseu yadothi imacita mabampu ang'onoang'ono ondondozana, ndipo m'makona mumaunjikana mcenga ndi timiyala. Fumbi limafiiritsa maso ndi kuyambitsa cifuwa, makamaka kwa odwala mphumu. Kugwedezeka kwa tsiku ndi tsiku kumapweteketsa msana, khosi ndi manja. Woyendetsa amene wakhala akutsokomola kwa milungu iwiri asangoti ndi fumbi. Apite ku kiliniki akapimitse makhololo, cifukwa TB imayamba motero, ndipo mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma.

KUVULALA KUMENE KUMACITIKA

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamseu caka ciliconse, ndi kuti ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi acinyamata a zaka 5 kufika 29. Wa pa njinga yamoto alibe citsulo comuzungulira. Cimene cimagunda pansi ndi thupi lake.

Kuvulala m'mutu ndiko kumapha ambiri. Bongo ndi wofewa, ndipo mutu ukamenyetseka umagunda cigaza ca mkati n'kutupa kapena kukha magazi. Bungwe lomweli linalemba mu 2018 kuti cisoti covalidwa bwino cimacepetsa imfa ndi 42 peresenti, ndi kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti. Cisoti cosamanga lamba pacibwano cimauluka munthu asanafike pansi. Cipewa ca pulasitiki ca omanga nyumba si cisoti ca njinga. Cisoti cimene cinamenyetsekapo kale mwamphamvu cifunika kusinthidwa, ngakhale kunja cikuoneka cabwino, pakuti cofewa ca mkati cimene cimalandira nkhonya cinaphwanyika kale.

Kuvulala kwina kofala ndi kuthyoka mwendo, dzanja kapena fupa la paphewa, kusupuka khungu, ndi kupsa ndi paipi ya utsi pa katumba. Amai ndi ana ndiwo amapsa kawirikawiri potsika. Citenje kapena diresi lalitali lingakodwe mu cheni kapena m'masipoko ndi kugwetsa onse awiri.

Fupa la mwendo likathyoka limatenga miyezi itatu kapena kuposa kuti munthu ayambenso nchito. Pa miyezi imeneyo lendi, cakudya ndi zofunika za ana a sukulu siziima. Ovulala kwambiri amatumizidwa kucokera ku cipatala ca Kafue kupita ku UTH ku Lusaka, ndipo wodwazika amasiya nchito yake kukakhala naye.

ZOYENERA KUCITA NGOZI IKACITIKA

Anthu oyandikira ayambe aimitsa magalimoto ndi kuzimitsa injini ya njinga, ndipo wina aitane apolisi pa nambala 991. Wovulala amene akudandaula khosi kapena msana, kapena amene sakumva miyendo yake, asadzutsidwe ndipo asakokedwe. Cisoti cisavulidwe pokhapokha ngati akulephera kupuma kapena akusanza, ndipo pocivula munthu mmodzi agwire mutu ndi khosi kuti zisagwedezeke. Ngati afunika kunyamulidwa, agonekedwe pa citseko kapena thabwa, mutu ndi thupi zili mzere umodzi. Kumukweza pa njinga ina kumaonjezera kuvulala.

Pamene pakutuluka magazi apsinjepo ndi nsalu yoyera osaleka. Mwendo wothyoka umangidwe ku thabwa mmene ulili, osayesa kuuwongola. Wovulala kwambiri asapatsidwe madzi, cakudya kapena mowa, cifukwa angatsamwe, ndiponso mwina afunika opaleshoni.

Cilonda cosupuka citsukidwe ndi madzi oyera ambiri ndi sopo kufikira dothi lonse litacoka. Madzi a m'zithaphwi za m'komboni amasakanizika ndi zocokera m'zimbudzi zosefukira, ndipo m'dothi mumakhala tizilombo ta kafumbata, matenda oumitsa nsagwada ndi thupi. Cifukwa cake cilonda cakuda cifunika kuonedwa ku kiliniki tsiku lomwelo, kumene anamwino adzaona ngati pafunika jekeseni. Mafuta a mabuleki, petulo, phulusa ndi dothi si mankhwala, zimaononga mnofu. Malo opsa athiridwe madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, osapakapo mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira, ndipo matuza asaphulitsidwe.

Pali ngozi ina yobisika. Munthu angagwe, n'kudzuka, n'kupita kunyumba akuseka, koma magazi akukha pang'onopang'ono m'mutu kapena m'mimba. A m'nyumba amuyang'anire masiku awiri, usiku womwe. Akayamba kusanza, kusinza kosadzutsika, kulankhula zosamveka, kugwa khunyu, kumva mutu ukupwetekerapwetekera, kufooka mbali imodzi, kutuluka magazi kapena madzi m'khutu kapena m'mphuno, kapena mimba kuuma ndi kupweteka, apite naye ku cipatala nthawi yomweyo osayembekezera kuca.

KUYENDETSA KOTETEZA MOYO

Oyendetsa amene akhalitsa pa nchitoyi ali ndi zizolowezi zosiyana ndi zija. Mvula yamphamvu ikayamba amaima pa khonde la sitolo n'kudikira, osati pansi pa mtengo cifukwa ca mphenzi. Amayatsa nyale ngakhale masana ndi kuvala covala cowala. Amasiya mpata waukulu kumbuyo kwa lole, cifukwa lole imabisa maenje ndi kuwaza madzi akuda kumaso. Amacepetsa liwiro asanafike pa kona, ndipo amagwira mabuleki onse awiri mofatsa. Pa tala youma buleki yakutsogolo ndiyo imaimitsa kwambiri, koma m'matope ndi mumcenga kuifinya mwadzidzidzi kumagwetsa. Madzi othamanga odutsa pa mseu sawaoloka. Akatuluka m'cithaphwi amayesa mabuleki, popeza onyowa sagwira msanga.

M'mawa uliwonse afunika kuona mpweya ndi mizere ya matayala, mabuleki, nyale ndi cheni. Matope ndi madzi zimacotsa oilo pa cheni, ndipo cheni youma kapena yolendewera ingaduke kapena kuvuka pa liwiro.

Lamulo la pamseu la Road Traffic Act la 2002, limene linakhazikitsa bungwe la RTSA, limafuna kuti woyendetsa njinga yamoto akhale ndi laisensi yake, njinga ikhale yolembetsedwa ndi ya inshuwalansi, ndipo woyendetsa ndi wokwera onse avale cisoti. Miseu ikuluikulu ili m'manja mwa bungwe la RDA, ndipo za miseu ya m'makomboni anthu amakadandaula ku khonsolo kudzera mwa khansala wa dera lao. Okhala m'komboni nawonso ali ndi mbali yao, pakuti zinyalala zotayidwa m'ngalande zimabweza madzi pa mseu, ndipo madziwo ndiwo amakumba maenje.

Wokwera ali ndi ufulu wopempha cisoti, wokana kukwera atatu, ndi wotsika ngati woyendetsa akununkha mowa kapena akuthamanga. Mwana amene mapazi ake safika popondera sayenera kukwezedwa. Mai woyembekezera amene masiku ake ayandikira akonzeretu galimoto mvula isanatseke njira. Ndipo a m'nyumba asakakamize woyendetsa kutuluka mvula ili mkati cifukwa ca ndalama ya tsiku limodzi. Pepani sapoletsa cilonda.