Kukonza netiweki ya foni zam'manja ku Biriwiri

Kukonza netiweki ndi ntchito yowerengera ndi kuyeza malo imene akatswiri amagwira asanamange nsanja ya foni zam'manja. Ntchitoyi imayankha mafunso awiri: kodi mafunde a nsanjayo adzafika mpaka pati, nanga ndi anthu angati amene adzathe kuimba foni kapena kugwiritsa ntchito intaneti nthawi imodzi. Ku Biriwiri, m'boma la Ntcheu, mafunsowa ndi ovuta kwambiri chifukwa malowa ali m'malire a Malawi ndi Mozambique.

Malo ake

Biriwiri ndi chipata cha m'malire chimene chili pa msewu wa M1, ndipo mbali inayo ndi chigawo cha Tete. Kuchokera pamenepa kulowera ku Dedza, msewuwu umatsata malire mtunda wautali. Derali ndi la mapiri ndi zigwa.

Kumene mafunde amafika

Mafunde a 900 MHz amapita kutali ndipo amalowa bwino m'nyumba, pamene a 1800 MHz ndi 2100 MHz amathera pafupi. Onsewa amatchingidwa ndi phiri, choncho mudzi wa m'chigwa ukhoza kusowa netiweki ngakhale nsanja ili pafupi. N'chifukwa chake akatswiri amayamba aona mapu osonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo. Nsanja ikamangidwa, amayenda pa galimoto n'kumayeza mphamvu ya mafunde.

Kuchuluka kwa anthu

Nthawi zambiri nsanja imagawidwa mbali zitatu za madigiri 120, ndipo anthu onse a mbali imodzi amagawana mphamvu yake. Tsiku la msika, monga pa Lizulu, kapena magalimoto akachuluka pa chipata, foni imatha kuonetsa kuti netiweki ilipo koma osalumikizika. Zikatero, kutumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money kumachedwa ndipo malonda amaima. Pa chifukwa ichi, powerengera amatenga ola limene anthu amachuluka kwambiri, osati tsiku wamba.

Vuto la malire

Mafunde saima pa malire. Ku Malawi kuli makampani a TNM ndi Airtel, pamene ku Mozambique kuli Vodacom, Movitel ndi Tmcel. Foni ya munthu amene ali ku Malawi ikhoza kugwira netiweki ya ku Mozambique, mwini wake n'kulipira ngati ali kunja kwa dziko. Komanso nsanja ziwiri zoyandikana zikamagwiritsa ntchito mafunde ofanana zimasokonezana.

Motero kuwonjezera mphamvu ya nsanja imodzi sikuthetsa vuto. Mafunde amafikadi kutali, koma amadutsa malire, ndipo anthu ogawana nsanjayo amachuluka. M'malo otere akatswiri amaweramitsa zotumizira mafunde, kuzilozetsa mkati mwa dziko lawo, ndi kumanga nsanja zingapo za mphamvu yochepa. Njirayi ndi yokwera mtengo, pakuti nsanja iliyonse imafuna malo, mlonda, njira yolumikizira ku nsanja zina, komanso mabatire, jenereta kapena sola pa nthawi imene magetsi azima.

Oyang'anira

Ku Malawi mafunde amagawidwa ndi bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 1998. Ku Mozambique ntchitoyi ndi ya bungwe la INCM. Mayiko oyandikana amayenera kugwirizana za mafunde a m'malire potsatira malamulo a bungwe la ITU, lomwe likulu lake lili ku Geneva.