Chifukwa chiyani osewera ena akusiya magemu otchuka n'kutsata a "indie"?

Amene amadutsa pamsika wa Ulongué kapena pamalire a Zóbuè madzulo sasowa kuona achinyamata ataunjikana pa foni imodzi, akusewera mpira kapena nkhondo. Magemu ambiri amenewa amapangidwa ndi makampani akuluakulu akunja. Koma kumayiko komwe amachokerako, anthu ena amene asewera kwa zaka zambiri ayamba kutopa nawo, ndipo akusakasaka magemu ang'onoang'ono otchedwa "indie". Dzinali limatanthauza magemu opangidwa ndi munthu mmodzi kapena kagulu kodziimira pakokha, popanda kampani yaikulu kumbuyo kwawo.

Chifukwa choyamba ndi ndalama. Kuyambira mu 2020, magemu ambiri atsopano a pa PlayStation ndi Xbox amagulitsidwa madola 70, omwe ndi pafupifupi 4,500 meticais. Ukagula, nkhani siyithera pomwepo. M'kati mwa gemu akugulitsanso zovala, zida ndi osewera mpira. Magemu ena amagulitsa timabokosi tomwe wogula sadziwa zam'kati mpaka atalipira. Mu 2018 dziko la Belgium linagamula kuti timabokosi totere ndi njuga. Magemu a pa foni omwe amati ndi aulere, ambiri amapezera phindu m'njira zomwezi.

Chachiwiri ndi kubwereza. Gemu ya mpira ya FIFA, yomwe kuyambira mu 2023 ikutchedwa EA Sports FC, imatuluka chaka chilichonse. Call of Duty nayonso n'chimodzimodzi. Kupanga gemu yaikulu kumadya ndalama zankhaninkhani, choncho makampani amaopa kuyesa zachilendo ndipo amangobzala mbewu yomwe inabereka chaka chatha. Chachitatu ndi kukula kwake: magemu ena amaposa magigabaiti 100 ndipo ena sayenda popanda intaneti.

Chitsanzo chodziwika bwino cha indie ndi Stardew Valley, ndipo nkhani yake ndi ya ulimi. Eric Barone wa ku America anaipanga yekha kwa zaka zoposa zinayi: anajambula zithunzi, kupeka nyimbo ndi kulemba nkhani yonse. Inatuluka mu 2016, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 inali itagulidwa maulendo oposa 41 miliyoni. Wosewera amakhala munthu wotopa ndi ntchito ya mu ofesi amene wabwerera kumunda umene agogo ake anamusiyira. Amasosa, amabzala chimanga, mbatatesi ndi tomato, amathirira, amaweta nkhuku, mbuzi ndi ng'ombe. Akachedwa kubzala, nyengo imasintha mbewu n'kufota. Mlimi wa ku Tsangano angaseke kuona anthu a m'mizinda ya ku Ulaya akulipira kuti agwire khasu pa foni, koma chimene chikuwakopa n'chomveka: pa foni imagulidwa kamodzi kokha, pafupifupi madola 5, imaseweredwa popanda intaneti, ndipo ilinso m'Chipwitikizi.

Mu Africa muno namonso muli opanga magemu otere. Kampani yaing'ono ya Kiro'o Games ya ku Cameroon inatulutsa Aurion mu 2016, ndipo Nyamakop ya ku Johannesburg inatulutsa Semblance mu 2018.

Sikuti gemu iliyonse ya indie ndi yabwino. Zina n'zosapsa, zina zili ndi zachiwawa zosayenera ana. Kugula kwake nthawi zambiri kumafuna khadi ya kubanki, ndipo makope aulere opezeka m'malo osadziwika amatha kubweretsa mavairasi mu foni yomwe mumasungiramo ndalama.

Kwa makolo, phindu la nkhaniyi lili apa. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi: ndiyo yolandirira ndalama za soya, ndiyonso yosewerera ana. Musanamusiyire mwana, funsani zinthu zitatu. Kodi gemuyo imapempha ndalama m'kati mwake? Kodi imafuna mamega nthawi zonse? Kodi mwana angaisiye osataya kanthu mukamuitana kupita kudimba? Gemu yomwe imalanga munthu chifukwa chojomba tsiku limodzi inapangidwa dala kuti asaileke. Nambala yachinsinsi ya ndalama zanu isakhale m'manja mwa mwana, ndipo tsiku lina khalani naye pansi kuti akuonetseni zimene amasewera.