Cenjerani Popatsa Ziweto Mapeyala

Pa makomo ambiri mu komboni ya Makululu, m'tauni ya Kabwe, monganso m'midzi yathu, agalu, amphaka, nkhuku ndi akalulu amakhala pabwalo limodzi ndi anthu. Ikafika nyengo ya mapeyala, amene ena amati makotapela, ana amakonda kuponyera ziwetozi makoko ndi nthanga. Kodi nkoyenera kutero?

Akatswiri a za ziweto anapeza kuti m'masamba, m'makungwa, m'makoko ndi m'nthanga ya mtengo umenewu muli poizoni, dzina lake persin. Munthu savulala naye, koma mbalame zazing'ono zoweta zikadya zimafooka, zimapuma mobanika, ndipo zingafe pasanathe masiku awiri. Nkhuku zimapirirako, komabe si bwino kuzipatsa. Kalulu akadya masamba ake mtima wake umaonongeka. Mbuzi yoyamwitsa imatupa mawere ndipo mkaka umacepa, kotero kuti kamwana kake kamavutika ndi njala.

Galu ndi mphaka savulala msanga ndi poizoniyu. Ngozi yaikulu kwa galu ndiyo nthanga, pakuti akaimeza imatha kutseka kummero kapena matumbo. Mafuta a cipatsoci nawonso amatsegula m'mimba galu akadya cambiri.

Palinso mapeyala ena a m'masitolo, ofanana ndi maapozi. Tizidutswa tocepa ta amenewa galu angadye popanda vuto, malinga mwini wake atacotsa pakati pamene pali njere, cifukwa njerezo zikatafunidwa zimatulutsa poizoni wa cyanide.

Ku Makululu kuli cifukwa cinanso cocenjerera. Mgodi wa mtovu wa Broken Hill unatsekedwa mu 1994 utagwira nchito zaka pafupifupi 90, koma mtovu unatsala m'dothi ndi m'fumbi la makomboni oyandikana nawo, monga Makululu, Kasanda ndi Chowa. Cipatso ciri conse cogwera pansi cimatola fumbi limeneli, ndipo ciweto cimadyera kumodzi. Akatswiri a pa University of Zambia, mogwirizana ndi anzao a pa Hokkaido University ya ku Japan, anapeza mtovu m'magazi a agalu a mu Kabwe ndiponso m'ziwindi ndi m'impso za nkhuku zongodziyendera. Nkhuku yotere ikaphedwa, mtovuwo umafika m'mbale ya banja.

Cotero eni ziweto ayenera kutola zipatso zakugwa m'mawa uli wonse, kukwirira makoko ndi nthanga m'dzenje, ndi kupatsira ziweto cakudya m'mbale yotsuka, osati pansi. Podulira akalulu ndi mbuzi msipu, masamba a mapeyala asasakanizidwemo. Ciweto cikayamba kusanza, kufooka kapena kubanika, mwini wake apite naco msanga kwa dokotala wa ziweto wa boma ndi kumuuza cimene cinadya. Pajatu akulu anati safunsa anadya phula.