Zolakwika Zofunika Kupewa Pofunsira Viza ya pa Intaneti

Amalawi onse amene akukonzekera ulendo wa kunja, makamaka ochita malonda, alimi a m'makopaletivi ndi mabanja operekeza odwala, akudziwitsidwa kuti mayiko ambiri tsopano akupereka chilolezo cholowera m'dziko lawo kudzera pa intaneti. Chilolezochi, chomwe chimadziwika kuti e-Visa, sichidindidwa m'pasipoti munthu asananyamuke monga zinkachitikira kale. Wofunsira amalemba fomu pa kompyuta kapena pa foni, amatumiza chithunzi chake ndi cha pasipoti yake, amalipira ndi khadi la kubanki, ndipo yankho limabwera pa imelo.

Njirayi yachepetsa maulendo opita ku maofesi a akazembe ku Lilongwe, koma yachotsanso munthu uja amene ankalandira mapepala pawindo n'kuwabweza akaona polakwika. Pa intaneti palibe wokonza zimene munthu walemba. Zimene zalowa pa fomu ndi zomwezo zimene zidzatuluke pa viza, ndipo zikasiyana ndi za m'pasipoti, cholakwikacho chimatha kudzadziwika pa bwalo la ndege la Kamuzu kapena la Chileka, tikiti itagulidwa, katundu atamangidwa. Ndalama yofunsira viza nayo nthawi zambiri sibwezedwa, kaya viza yaperekedwa kapena yakanidwa.

Asanalipire kanthu kalikonse, munthu ayenera kudziwa ngati ulendo wake ukufunadi viza. Mmalawi wopita ku Zambia, Mozambique, Tanzania, Zimbabwe kapena South Africa kwa masiku ochepa safunika viza, choncho aliyense womuuza kuti amugulire viza ya mayiko amenewa akufuna kumubera. Palinso zilolezo zina za pa intaneti zimene si za aliyense. ESTA ya ku United States ndi ETA ya ku Britain zimaperekedwa kwa nzika za mayiko amene safunika viza polowa m'mayiko awiriwo, ndipo Malawi sali m'gulu limenelo. Wokhala ndi pasipoti ya Malawi amene walipira zilolezo zimenezi wangotaya ndalama, chifukwa afunikabe kufunsira viza yeniyeni.

Malamulowa amasinthasintha. Dziko la Kenya linayamba kugwiritsa ntchito chilolezo cha pa intaneti chotchedwa eTA mu Januwale 2024, koma m'chaka cha 2025 linachichotsa kwa nzika za mayiko ambiri a mu Africa. Zimene mnzake wa munthu anachita paulendo wa chaka chatha si umboni wa zimene zikufunika lero. Pofunika kuona pa tsamba la boma la dzikolo kapena kufunsa ku ofesi ya kazembe wake.

Dziko la India ndi chitsanzo chabwino pofotokoza zotsalazi, chifukwa Amalawi ndi ololedwa kufunsira viza yake pa intaneti, ndipo ambiri amapitako kukalandira chithandizo cha mankhwala, kukaphunzira kapena kukachita malonda. India ndi msika waukulu wa nandolo wa ku Malawi. M'chaka cha 2021 mayiko awiriwa anasainirana mgwirizano woti India azigula matani 50,000 a nandolo pachaka kwa zaka zisanu, ndipo amalonda a mbewuyi ali ndi zifukwa zomveka zopitira kukakumana ndi ogula.

Msampha woyamba uli pakhomo penipeni. Munthu akafufuza mawu akuti viza ya ku India pa intaneti, masamba amene amaoneka pamwamba kawirikawiri ndi a makampani amene alipira kuti aonekere poyamba. Ena ali ndi mbendera ndi zizindikiro zofanana ndi za boma. Ena mwa iwo amatumizadi fomu ku boma koma atawonjezera mtengo wawo pamwamba, pamene ena amangolandira ndalama ndi tsatanetsatane wa pasipoti n'kuzimiririka. Tsamba la boma la India ndi indianvisaonline.gov.in, ndipo chofunika kuyang'anitsitsa ndi mathero ake akuti gov.in. Ndi bwino kulemba adiresiyo ndi manja m'malo motsegula imene yatumizidwa pa WhatsApp kapena pa Facebook. Boma la dziko lina silipempha kuti ndalama ya viza itumizidwe pa Airtel Money kapena pa Mpamba ku nambala ya munthu, ndipo palibe dobadoba amene ali ndi mphamvu yolonjeza kuti viza ituluka. Wogamula ndi boma la dziko lopitako basi.

Zolakwika zochuluka zili pa mayina ndi manambala. Viza imamangirizidwa ku pasipoti, osati ku chiphaso cha unzika, kalata ya ubatizo kapena satifiketi ya kusukulu. Kuno kwathu si zachilendo munthu kukhala ndi mayina osiyana pa mapepala osiyana: pena dzina la bambo, pena la mfunda, pena la mwamuna amene mayi anakwatiwa naye. Pa fomu ya viza palembedwe mayina onse monga momwe alili m'pasipoti, ngakhale dzina lapakati limene mwini wake saligwiritsa ntchito, ndipo ngakhale litalembedwa mosiyana ndi mmene iye amalilembera masiku onse. Ambiri amasinthanitsa malo a dzina lomaliza ndi loyamba, chifukwa mafomu ena amayamba kufunsa lomaliza. Wokayika ayang'ane mizere iwiri ya zilembo ndi manambala imene ili m'munsi mwa tsamba la chithunzi m'pasipoti. Mizere imeneyo ndiyo imawerengedwa ndi makina a pa bwalo la ndege, ndipo pamenepo dzina lomaliza ndi limene limayamba.

Nambala ya pasipoti iwerengedwe kawiri kapena katatu. Chilembo O chimafanana ndi nambala 0, ndipo chilembo I chimafanana ndi nambala 1, makamaka pa galasi laling'ono la foni. Masiku nawo amasokoneza. Ku Malawi tsiku limayamba, mwezi n'kutsatira, koma mafomu a mayiko ena, monga United States, amatha kuyamba ndi mwezi, moti 04/07 kwa wina ndi pa 4 Julayi pamene kwa wina ndi pa 7 Epulo. Enanso amalemba tsiku limene pasipoti inaperekedwa pamalo a tsiku limene idzathe mphamvu. Nzeru yabwino ndi yoti munthu wachiwiri agwire pasipoti n'kumawerenga mokweza, wolembayo akuyang'ana pa fomu, asanadine batani lotumizira. Ntchito imeneyi sitenga mphindi zisanu.

Pasipoti yeniyeniyo iyenera kukhala yokwanira ulendowo. India imafuna kuti ikhale ndi mphamvu kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi, komanso ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo. Amalonda odutsa pafupipafupi pa zipata za Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe amadzaza masamba msanga, pasipoti idakali ndi zaka zambiri. Aliyense woyenda, ngakhale mwana wakhanda, amafunika pasipoti ndi viza yakeyake. Amene pasipoti yake yatsala pang'ono kutha ayambe watenga yatsopano ku nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, kenako afunsire viza. Kuchita mosemphanitsa kumabweretsa viza yokhala ndi nambala ya pasipoti yakale.

Chithunzi chili ndi malamulo ake. Pa fomu ya India chimafunika chatsopano, choonetsa nkhope yonse kuchokera kutsogolo, maso otsegula, kumbuyo kuli koyera, ndipo kutalika ndi kutambalala kwake kukhale kofanana. Chithunzichi chimatumizidwa ngati JPEG yosapitirira 1 MB, pamene tsamba la pasipoti limatumizidwa ngati PDF yosapitirira 300 KB. Chithunzi chodulidwa pa cha ukwati, chojambulidwa mu mthunzi wa mtengo, kapena tsamba la pasipoti lojambulidwa chala chitaphimba manambala, zimachititsa kuti fomu ibwezedwe kapena ikanidwe. Pochepetsa kukula kwa PDF, munthu aonetsetse kuti zilembo zikuwerengekabe.

Kusankha mtundu wa viza ndi nkhani yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. India ili ndi viza ya okaona malo, ya amalonda, ya odwala ndi ya operekeza odwala, pakati pa zina. Ya amalonda imagwira ntchito kwa chaka chimodzi, imalola kulowa kangapo, ndipo imafuna khadi la bizinesi ya wofunsirayo. Ya odwala imafuna kalata yochokera ku chipatala cha ku India chimene chidzalandire wodwalayo. Operekeza amaloledwa awiri okha pa wodwala mmodzi. Ena amasankha viza ya okaona malo poona kuti ili ndi mafunso ochepa, chonsecho akupita kukachitidwa opaleshoni kapena kukakambirana za malonda. Wotero angathe kubwezedwa pofika, kapena kudzapezeka kuti masiku atha iye akadali pabedi la chipatala, pamene viza yakeyo ndi yovuta kuitalikitsa kapena kuisintha ali komweko.

Pamenepa m'pofunika chenjezo kwa achinyamata ndi makolo awo. Viza yoyendera si chilolezo chogwirira ntchito m'dziko lililonse. Munthu amene akulonjeza ntchito kunja koma akupereka viza yoyendera, kapena amene akusunga pasipoti ya mnzake ponena kuti akonza zonse yekha, akuonetsa zizindikiro zodziwika za mchitidwe wogulitsa anthu, womwe ndi mlandu pansi pa lamulo limene Malawi anakhazikitsa m'chaka cha 2015. Nkhani yotere ikanenedwe ku polisi ulendo usanayambe.

Fomu imafunsanso za maulendo akale, ngati munthu anakanidwapo viza, ndi ngati anapezekapo ndi mlandu. Mafunsowa ayankhidwe zoona. Kukanidwa viza kale sikutseka khomo mpaka kalekale, koma bodza likadziwika limatha kulitseka, popeza maboma amasunga mbiri ya ofunsira m'makompyuta awo. Ngakhale fomu italembedwa ndi wothandiza, wodzayankha mafunso pa chipata ndi mwini pasipoti.

Ambiri amene alibe kompyuta amathandizidwa m'malo olipiritsa intaneti pa boma kapena m'tauni, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Vuto limabwera wothandizayo akalemba imelo ndi nambala ya foni yake m'malo mwa ya wofunsira. Zikatero, uthenga wopempha chithunzi china kapena viza yeniyeniyo zimapita kwa munthu wina, ndipo mwini ulendo amakhala akudikira zimene zinafika kale. Wofunsira akhale ndi imelo yakeyake imene angathe kuitsegula, akhale pompo fomu ikulembedwa, alembe papepala nambala imene fomuyo imapatsidwa, ndipo apemphe kuti zithunzi za pasipoti yake zifufutidwe pa kompyutayo asanachoke.

Polipira, khadi liyenera kukhala lololedwa kulipira kunja kwa dziko pa intaneti. Popeza ndalama zakunja zimavuta kupeza, mabanki amaika malire pa makhadi, choncho ndi bwino kufunsa kubanki fomu isanayambidwe. Malipiro akaoneka ngati sanadutse, munthu asafulumire kubwerezabwereza. Tsamba la India limachenjeza kuti zotsatira za malipiro zingatenge maola awiri kuti zioneke, ndipo kulephera kopitirira katatu kumatseketsa fomu, moti wofunsira amayambiranso pachiyambi. Wobwereza mopupuluma angathenso kudulidwa ndalama kawiri.

Pa nthawi yofunsira, India imafuna kuti fomu itumizidwe masiku osachepera anayi tsiku lofika lisanakwane. Amenewa ndi malire otsiriza, ndipo wodalira masiku anayiwo sasiya mpata wa magetsi kuzima, netiweki kuvuta kapena chithunzi kubwezedwa. Masabata awiri kapena atatu amapereka mpata wokonza cholakwika. Ngati n'kotheka, tikiti yosabwezeka ndalama isagulidwe viza isanatuluke.

Imelo yonena kuti fomu yalandiridwa si viza. Wopita ku India aone pa tsamba la boma kuti fomu yake ikuonetsa mawu akuti GRANTED, asindikize chilolezocho papepala, ndipo achiyerekezenso ndi pasipoti chilembo ndi chilembo. Cholakwika chopezeka nthawi imeneyi chimafuna fomu yatsopano ndi malipiro atsopano, komabe munthu amakhala adakali kwawo. Pepalalo likhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi tikiti yobwerera ndi kalata ya chipatala kapena ya kampani imene yamuitana, chifukwa foni imatha moto. Viza ya pa intaneti imalandiridwa pa zipata zosankhidwa zokha, monga mabwalo a ndege a Delhi, Mumbai, Chennai ndi Bengaluru, ndipo pofika munthu amajambulidwa ndi kutengedwa zidindo za zala.

Ndege zambiri zochoka ku Malawi kupita ku India zimadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Ethiopia ndi Kenya ali pa mndandanda wa mayiko amene kumapezeka matenda a yellow fever, ndipo India imafuna khadi la katemera kwa ochokera m'mayiko otero. Wopanda khadilo angathe kusungidwa kwa yekha mpaka masiku asanu ndi limodzi. Amene ulendo wake ukumugoneka m'mizinda imeneyi kapena kumutulutsa kunja kwa bwalo la ndege alandire katemerayo nthawi ikadalipo, chifukwa khadilo limayamba kugwira ntchito patapita masiku 10 kuchokera pa tsiku lobayidwa.