Gasi wa mu AC satha ngati parafini

Okutobala akafika, dzuwa likuswa mtengo, AC n'kuyamba kupuma mpweya wofunda, aliyense m'nyumba amangoti, "Gasi watha." Abale anga, tisanatulutse ndalama, tiyeni tikhale pansi kaye.

Tiyambire pa mtsuko. Madzi a mumtsuko amazizira chifukwa chinyezi cha kunja kwake chikamauma chimanyamula kutentha n'kupita nako. AC imachita zomwezo ndi mankhwala amene timawatcha gasi. Amalowa m'mapaipi a m'chipinda ali madzimadzi, kenako amawira. Madzi amawira pa madigiri 100, koma gasi wa R-22 akakhala poyera amawira pa madigiri pafupifupi 41 kunsi kwa ziro. Kwa iye, kutentha kwa m'chipinda mwanu ndi moto wokwanira. Akasanduka nthunzi, kompuresa imamukoka n'kumupanikizira ku bokosi la panja, kumene amatula kutenthako n'kukhalanso madzimadzi.

Amangozungulira ngati tcheni cha njinga, sapsa ngati parafini wa m'nyale. Akachepa, ndiye kuti pena pabooka. Tayala likamaphwa m'mawa uliwonse simungolipopa. Mumatulutsa chubu, kuchiviika m'beseni, kuona pomwe pakutuluka thovu, n'kumata. Mmisiri wabwino amateronso: amapaka madzi a sopo polumikizira mapaipi, ndipo amayang'ana pomwe pada ndi mafuta, poti gasi akamathawa amatuluka ndi timafuta ta kompuresa.

Koma asanakhudze gasi, ayambe waona sefa. Pachigayo sefa ikatsekeka ufa umatuluka pang'ono, chonsecho injini ili bwinobwino. Fumbi la chilimwe likamata sefa ya AC, mpweya sudutsa, mapaipi amagwira ayezi, ndipo munthu angaganize kuti gasi wachepa. Kutsuka sefa ndi ntchito yanu ya pakhomo, yosalira ndalama.

Sefa ikakhala yoyera, makinawo ayende kaye mphindi 15. Kenako mmisiri amalumikiza mageji opimira mphamvu ya gasi, yabuluu kumbali imene gasi akubwerera ku kompuresa, yofiira kumbali imene wapanikizidwa. Komabe geji payokha sinena zonse. Tayala lomwelo limalimba masana kuposa m'mawa, musanalipope n'komwe. Gasinso amatero, mphamvu yake imakwera ndi kutsika motsatira nyengo.

Apa m'pamene poto amatithandiza. Madzi akadali m'poto, kutentha kwake sikupitirira powirira. Akangophwa, poto amatentha kwambiri. Mmisiri amawerenga geji kuti adziwe madigiri amene gasi akuwirira, kenako amapima kutentha kwa paipi yaikulu yobwerera panja. Kusiyana kwa manambala awiriwa amakutcha superheat. Kukakula kwambiri, poto waphwa msanga, kutanthauza kuti mwina gasi ndi wochepa. Kukachepa kwambiri, madzimadzi akusefukira ku kompuresa. Kompuresa inapangidwira nthunzi, ndipo madzimadzi kwa iyo ali ngati mwala wolowa m'chigayo. N'chifukwa chake kuthira gasi wambiri si chifundo. Ufa ukachuluka nsima imalimba, ukachepa imakhala phala.

Muyezo wotsimikizika ndi sikelo. Pabokosi la panja pali kachikwangwani kolembedwa mtundu wa gasi ndi kulemera kwake. Mmisiri akamata pobooka, amakoka mpweya ndi chinyezi chonse ndi pampu, n'kuika botolo pasikelo ngati thumba la chimanga, n'kuthira wokwana zomwe zalembedwa. Mitundu sisakanizidwa. R-410A imayenda ndi mphamvu yaikulu kuposa R-22, ndipo R-32 imatha kuyaka, choncho moto ukhale patali. R-22 ikuthetsedwa pang'onopang'ono potsatira mgwirizano wa ku Montreal wa 1987, chifukwa imaononga ozoni, chophimba chakumwamba chimene chimatitchinjiriza ku ukali wa dzuwa. Gasi wotsala m'makina akokeredwe m'botolo, asatayidwe m'mwamba.

Nthawi ya dzinja mukaona madzi akudontha pa kapaipi kotayira, mtima m'malo. Amenewo si gasi, ndi chinyezi cha mumpweya, ngati chija chimakhala kunja kwa botolo la madzi ozizira.

Ntchito ya mageji ndi ya amisiri, inu musatsegule mapaipi, chifukwa gasi akathovokera pakhungu amawotcha ndi kuzizira kwake. Gawo lanu ndi kufunsa. Mmisiri akamalongedza zipangizo zake, mufunseni mwaulemu: "Bambo, panabooka ndi pati, ndipo mwathira magalamu angati?" Amene wamata chubu savutika kukuonetsani chigamba.