Nsanza youma, fumbi la ku Nchalo ndi galasi la amalume

Ndili Fomu 2, Loweruka lina mu Okutobala, ndinafuna kuwasangalatsa amalume. Pikapu yawo inali yachita mbuu ndi fumbi la ku Nchalo. Ndinatenga nsanza youma n'kupukuta galasi lakutsogolo mwamphamvu. Atatuluka m'nyumba anangogwira pakamwa. "Mphwanga, madzi unawaona kuti ndi odula?"

Masana sindinaone vuto lililonse. Usiku wake tikuchokera ku Bangula pamsewu wa M1, lole ina inatiwalitsa kutsogolo. Galasi lonse linachita nyezinyezi, ndipo wanjinga amene anali m'mbali mwa msewu tinamuona titatsala pang'ono kumugunda. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti galasi lokalika likhoza kupha munthu.

Kodi nsanza yofewa ingakale bwanji galasi? Nsanzayo payokha sikala. Chimakala ndi fumbi limene yanyamula. Mu 1812 katswiri wa miyala wa ku Germany, Friedrich Mohs, anandandalika miyala molingana ndi kulimba kwake, kuyambira 1 mpaka 10. Lamulo lake n'losavuta: cholimba chimakala chofewa. Chikhadabo chili cha m'ma 2.5, galasi cha m'ma 5.5, dayamondi ali pa 10. Mchenga wambiri ndi timiyala ta quartz, ndipo quartz ali pa 7. Ndiye mukaika fumbi la kuchigwa kuno pakati pa nsanza ndi galasi, mwapanga sandipepa. Mawaipa akamayenda pagalasi louma, nkhani ndi yomweyo.

Chodabwitsa n'chakuti galasi amalipanga kuchokera ku mchenga womwewo. Amausungunula pamodzi ndi soda ndi laimu. Mu quartz maatomu a silicon ndi oxygen amalumikizana mwadongosolo paliponse, koma m'galasi sodium ndi calcium amadula malumikizidwe ena. N'chifukwa chake galasi limachepa mphamvu kwa mchenga umene linachokerako.

Nanga n'chifukwa chiyani kukalika kumavuta kwambiri usiku? Pokalika ndi kangalande kakang'ono kokhala ndi m'mbali mokhakhala. Kuwala kukafika pamenepo sikudutsa molunjika, kumamwazikira mbali zonse. Masana zonse zimakhala zowala, ndiye simuzindikira. Usiku nyali imodzi yamphamvu ikamwazika imaphimba zinthu zosawala, monga njinga yopanda nyali kapena ng'ombe zodutsa msewu, zimene kuno n'zosasowa.

Tsopano funso lenileni: kodi kukalika kumachoka? Ngalande siifufutika ngati choko pabolodi. Njira zilipo ziwiri zokha: kuikwirira, kapena kupala galasi lozungulira mpaka lifanane ndi pansi pa ngalandeyo.

Musanachite chilichonse, tsukani galasi ndi madzi ambiri n'kuyendetsa chikhadabo pamwamba pa mzerewo. Chikadutsa osakodwa, mzerewo ndi wapamwamba. Nthawi zina si kukalika n'komwe, ndi labala wa waipa kapena penti zimene zangomatirira. Chikhadabo chikakodwa, ngalandeyo ndi yakuya.

Kukwirira kumagwira ntchito chifukwa cha refraction, ija timaphunzira mu Physics. Refractive index ya mpweya ndi pafupifupi 1.0, ya galasi pafupifupi 1.5. Kuwala kumapindika kwambiri pamene ziwirizi zakumana. Mukadzaza ngalande ndi chinthu choonekera chimene index yake ili pafupi ndi ya galasi, monga resin, kuwala kumadutsa bwinoko ndipo mzere umazimirira. Ena amapaka polishi wa zikhadabo wopanda mtundu. Amabisa kwa kanthawi, koma dzuwa ndi mawaipa zimamuchotsa.

Kupala amagwiritsa ntchito ufa wa cerium oxide. Amausakaniza ndi madzi n'kupukuta mozungulira ndi nsalu yofewa yokhuthala. Ufawu umapala pang'onopang'ono, komanso umagwirana ndi silica wapamwamba pa galasi n'kumuchotsa, ndiye pamatsala posalala. Cerium ali m'gulu la rare earths, gulu lomwe lija limapezeka m'miyala ya ku Kangankunde ku Balaka. Nanga mankhwala otsukira mano amene anthu amatchula aja? Ufa wake anaupanga kuti usaononge mano, ndiye pagalasi umangochotsa litsiro. Mzere weniweni sungauthe.

Koma samalani. Mukapala malo amodzi kwambiri, pamakhala kadzenje kosaoneka ndi maso, ndipo galasi pamenepo limasanduka lens. Zinthu zimaoneka zopindika kapena ngati zasuntha. Kutsogolo kwa dalaivala zimenezi n'zoopsa kuposa mzere uja. Komanso kupukuta kumatenthetsa galasi. Kuno mu Okutobala kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, ndiye ntchitoyi ichitikire pamthunzi, galasi likhale lonyowa nthawi zonse.

Magalasi a galimoto sali ofanana. Lakutsogolo ndi magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, n'chifukwa chake likasweka limang'aluka koma osagwa. Am'mbali nthawi zambiri amawatenthetsa kupitirira madigiri 600 n'kuwaziziritsa msangamsanga ndi mpweya. Kunja kwake kumakhala kopanikizika, m'kati kokokeka. Ngalande yakuya ikaboola chikopa chakunjacho, galasi lonse likhoza kuphwanyika kukhala timiyala. Mzere wokola chikhadabo musalimbane nawo pakhomo. Apite nalo kwa odziwa za magalasi, ndipo ngati uli pamaso pa dalaivala, kusintha galasi ndiko kwanzeru.

Galasi la amalume, timizere tapamwamba tinachepa atakalipukutitsa ku Blantyre. Mizere iwiri yakuya inakana, mpaka anagula lina. Kuyambira pamenepo lamulo lawo ndi ili: thira madzi, fumbi litsike lokha, kenako nsanza yoyera. Lamuloli likugwiranso pa sikirini ya foni yanu ndi pa magalasi am'maso. Mukatsala pang'ono kupukuta ndi malaya, kumbukirani kuti quartz ali pa 7.